Mpata wa Zala Ziwiri

Ababa anga sankadziwa kukhala pansi. Tiyi ankamwa ali chiimire, nkhani ankakamba akuyenda, moti ukafuna kumva mathero ake unkayenera kuwatsatira mpaka kumpanda. Ngakhale m'tchalitchi ankasankha benchi la kumapeto, kuti ulaliki ukatalika atuluke kukaona ngati chikwangwani cha pakhomo sichinayambe kusupuka. Amayi ankati anakwatiwa ndi msana wa munthu, chifukwa nkhope yake ankangoiona mwa apo ndi apo.

Ntchito yawo inali yolemba zikwangwani. Ngati munagulapo sopo m'golosale ya mumsewu wathu, kapena kumetetsa tsitsi, kapena kukonzetsa njinga, ndiye kuti munadutsa pansi pa zilembo za Ababa. Anthu amangowatchula kuti a Burashi. Ine ndine mwana wawo woyamba, telala, ndipo shopu yanga yayang'anizana ndi geti la sukulu ya pulayimale ya parishi yathu. Mayunifolomu a ana a pamenepo amadutsa pa makina anga. Ndikunena zimenezi kuti mudziwe kuti mathero a nkhaniyi sindinachite kumva kwa anthu ayi. Ndinawaona ndi maso angawa.

Mu ofesi ya ahedi pa sukuluyo munali thabwa lalitali lakuda, la mayina a onse amene anatsogolerapo sukulu kuyambira tsiku limene inatsegulidwa. Dzina kumanzere, zaka kumanja, zilembo zachikasu. Analilemba ndi Ababa ali mnyamata, ndipo hedi watsopano akabwera, ndi iwo amene ankaitanidwa kudzawonjezera mzere. Pakapita zaka khumi ankalitsitsa, kulipala, kulipaka mwatsopano, n'kulemba mayina onse kuyambira pamwamba. Mizere yake inali yowongoka ngati msoko wa makina, chifukwa Ababa sankayerekeza kulemba asanamenye ulusi wopaka choko. Koma pakati pa dzina lachitatu ndi lachinayi panali mpata. Sunali waukulu, zala ziwiri basi, koma unkaoneka.

Hedi aliyense watsopano ankauona tsiku loyamba. "A Burashi, apa rula inakutererani?" Ababa, munthu woti angakukwiyire mwezi wathunthu ukangonena kuti chilembo chawo chapendekeka, ankangoseka n'kumati, "Eee, ahedi, inanditerera." Akadzalipakanso, rula n'kuwatereranso pomwepo. Kanayi konse! Ndili mwana zinkandichititsa manyazi, chifukwa anzanga otumidwa kukatenga choko mu ofesi ankabwera akuseka kuti bambo ako sadziwa kuyeza. Tsiku lina ndinawafunsa ndikulira. Anandiyankha akuyenda, monga mwa nthawi zonse, ine ndikuthamanga pambuyo ndi chitini cha parafini wotsukira maburashi.

Sukuluyi inayambitsidwa ndi masisitere, m'shedi yosungiramo matabwa kuseri kwa tchalitchi, ana khumi ndi anayi atakhala pa njerwa. Hedi woyamba anthu amamukumbukira ndi njinga yake, wachiwiri ndi ndodo yake. Wachitatu, amene ankatchedwa Asisitere a Magalasi, ndiye anamanga makalasi anayi a njerwa zootcha. Amayi anali mtsikana wochapa ndi kusita ku nyumba ya masisitereyo. Sukulu anailekezera sitandade faifi bambo awo atamwalira, koma kuwerenga ndi kulemba ankatha bwinobwino, ndipo makutu anali nawo. Munthu wosita amaima malo amodzi maola ambiri, mpaka eni nyumba amaiwala kuti alipo n'kumangolankhula.

Chaka china mphepo inasasula denga la makalasi onse anayi ndi theka la nyumba ya masisitere. Mwezi womwewo Asisitere a Magalasi anadwala chifuwa, n'kutengedwa kupita kwawo, kutsidya kwa nyanja. Anzawo awiri anaitanidwa ku likulu la chipani chawo cha usisitere, ati kwa kanthawi chabe. Aphunzitsi, poti analibe pophunzitsira, anagawidwa m'sukulu zina. Wansembe masiku amenewo ankabwera kamodzi pa miyezi iwiri, mlatho ukalola. Amayi anasiyiridwa makiyi kuti azitsegula mawindo, nyumba isachite nkhungu.

Tsono ali pa simbi paja, Amayi anali atamva kangapo Asisitere akudandaula za fomu ya mwezi ndi mwezi. Sukulu ikapanda kutumiza fomu ya ana obwera kwa teremu yathunthu, aboma ankaifufuta m'kaundula wawo, ndipo kuibwezeretsa kunali kovuta kuposa kuyamba ina. Ndiye Lolemba lina mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anasiya beseni n'kukaliza belu. Kunabwera ana asanu ndi awiri, ena mwa iwo pongofuna kuona wamisala amene akuliza belu pa sukulu yopanda denga. Anawakhazika pakhonde la tchalitchi, anatsegula rejisitala, anaitana mayina. Pomatha teremu anali khumi ndi asanu ndi anayi. Akuluakulu ankaphunzitsa ang'onoang'ono, ndipo Amayi madzulo aliwonse ankawerenga mabuku a Asisitere kuti akhale tsamba limodzi patsogolo pa ana.

Koma fomu imafuna siginecha ya hedi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Amayi ankaidziwa siginecha ya Asisitere a Magalasi monga mmene ankadziwira makwinya a malaya awo. Anatenga khala la m'simbi, anayeserera pa thabwa lositira mpaka dzanja litazolowera, kenaka anasaina. Mwezi wotsatira anasainanso. Lachisanu lililonse ankasainanso pansi pa rejisitala. Woyendera sukulu anabwera kamodzi kokha, anapeza ana akuimba matebulo a masamu pakhonde, anafunsa kuti ahedi ali kuti. Amayi anagwada n'kunena kuti, "Apita kuchipatala, bwana." Ababa akafika pamenepa ankaseka mpaka kutsokomola, ati silinali bodza, kungoti chipatalacho chinatalikira.

Zaka ziwiri, anatero Ababa. Kenaka kunabwera hedi wa mapepala ake, ndi lole ya malata. Anathokoza Amayi chifukwa chosamala nyumba, analandira makiyi, Amayi n'kubwerera ku simbi. Pamene wansembe ankakonza mndandanda wa pa thabwa, zaka anazitenga m'marejisitala. Ndiye malinga ndi thabwalo, Asisitere a Magalasi anatsogolera sukulu mpaka tsiku limene hedi wachinayi anafika, chonsecho anali atamwalira kwawo miyezi isanu ndi umodzi atangochoka. Abale inu, munthu kuyendetsa sukulu ali m'manda!

Ababa anabwera nthawi imeneyo kudzalemba thabwalo. Anaimika ntchito yawo kuseri kwa nyumba ya masisitere, pafupi ndi zingwe zoyanikira, ndipo tsiku loyamba lomwelo penti anadonthera pa nsalu ya pa guwa. Mtsikana wochapa anawakalipira mpaka makutu kutentha. Tsiku lachiwiri anaona chinthu chachilendo: ana akamadutsa ankapinda mawondo kwa wochapayo n'kumati, "Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?" Ababa si munthu wosunga funso m'mimba. Anafunsa ana, anafunsa akatekisiti, anamva zonse. Anathamangira kwa wansembe, amene anawayankha kuti, "Mnyamata, lemba zimene zili papepala." Analemba zimene zinali papepala. Koma atafika pa mzere wachitatu anaika zala ziwiri pansi pake, chala chimodzi chaka chimodzi, n'kumenya ulusi wotsatira m'munsi mwa zalazo. Chaka chotsatira anakwatira wochapa uja.

Kuyambira pamenepo, wansembe aliyense watsopano ndi hedi aliyense watsopano ankalandira mlendo wonunkha parafini. Mmodzi anati tidzaona. Wina anati nkhani zakale zimadzutsa mapokoso. Wina anawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, Ababa n'kuyankha kuti nkhono imeneyi mwina inabadwa yopanda maso. Ankabwerako akulankhula okha, n'kukapaka chikwangwani cha munthu mwaukali. Amayi ankadziwa kumene akuchokera, koma nkhaniyi sankaiyankha ngakhale liwu limodzi. Ife ana tinkaganiza kuti ndi kudzichepetsa.

Chaka chatha kunabwera hedi watsopano, mayi wachitsikana, wochangamuka, woti ndikanamukonda ndithu akanapanda kukhudza thabwa. Sukulu inali kukwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo iwo anaganiza zochotsa thabwa lakale n'kuika la pulasitiki, lodinda ndi makina m'tauni. Mndandanda unkayenera kupita kwa odinda pakatha masabata atatu. Nthawi imeneyi Ababa anali atasiya ntchito chifukwa manja anayamba kunjenjemera, moti supuni inkalira m'kapu asanayambe kutakasa. Amayi shuga anali atawadya maso, ankangokhala pakhonde ndi kolona, miyendo yotupa ili pa kampando. Tonse tinkadziwa, ngakhale sitinkanena, kuti makina sadziwa kusiya mpata, ndiponso kuti Amayi sadzadikira thabwa lina.

Mayo ine, masabata atatu amenewo! Ababa anasanduka nkhuku yofuna poikira. M'mawa ali kwa ahedi, ahedi akuti nkhani ya mbiri ndi ya bambo mfumu, wansembe wa parishi. Masana ali kwa bambo mfumu, bambo mfumu akuti mabuku akale onse anapita ku dayosizi. Madzulo ali m'shopu yanga, kuzungulira makina, kuponda nsalu za anthu, kunyamula sizasi n'kukaisiya pomwe sindingaipeze. Inali nyengo yotsegulira sukulu, mayunifolomu ali mbwee pa tebulo, azimayi ali pamzere pakhomo. Ndinawakalipira kuti, "Ababa, khalani pansi, mwandizunguza mutu!" Anakhala mwina mphindi imodzi, n'kudzuka kukawongola kalendala ya pakhoma.

Mapeto ake ndinatseka shopu tsiku lathunthu, makasitomala akutsonya, n'kuwaperekeza ku dayosizi. M'basi anaima njira yonse, mpando ulipo. Mlembi wa zamaphunziro anali wansembe wachinyamata, waulemu, ndipo sindimuimba mlandu. Anatitengera m'chipinda cha mabuku, anatsitsa marejisitala ofiirira onunkha fumbi, anatsegula chaka cha mphepo. Ndinaona dzanja la Amayi. Ndinalizindikira nthawi yomweyo, chifukwa ndi lomwe linkalemba dzina langa m'kolala ya yunifolomu. Mayina a ana mzere ndi mzere, timizere ta obwera, timazira ta ojomba, ndipo pansi pa tsamba lililonse dzina la munthu wina.

Wansembeyo anayerekeza masamba a chaka chimenecho ndi a chaka cham'mbuyo, anavula magalasi, anati, "Agogo, ine ndakukhulupirirani. Koma buku likunena kuti hedi anali Asisitere. Kuti ndisinthe, ndikufuna chinthu chimodzi chokha. Mwini wake anene yekha kuti ndi iye ankasaina. Kalata yaifupi, wina awalembere, iwo asaine kapena adinde chala." Ababa anatsala pang'ono kumukumbatira. Pobwerera ankauza aliyense m'basi kuti zatheka, ngakhale kondakitala. Inenso ndinkaganiza kuti zatha, chifukwa kunyumba kwathu chala cha Amayi sichinali chosowa.

Tinawapeza pakhonde. Ababa anafotokoza akuyenda uku ndi uku, ine ndili ndi pepala ndi cholembera m'manja. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, mikanda ya kolona ikuyendabe m'zala.

"Sindisaina," anatero.

"Mwati bwanji, mayi?"

"Ndati sindisaina. Ndinaba dzina la munthu, ndinapitiriza kuliba iye atagona m'manda. Nditamva kuti anamwalira kalekale, ine ndikumusainirabe, sindinadye masiku atatu. Ndinakalapa, anandipatsa makolona asanu, ndinapemphera, zinatha. Tsopano mukufuna ndikafukule tchimo langa kuti mukalipachike pakhoma la ofesi?"

Ababa anaima pakati pa khonde manja ali m'mwamba. "Tchimo lanji limene laphunzitsa ana zikwizikwi? Madokotala atuluka pamenepo, ansembe atuluka pamenepo, mwana wathu yemweyu!"

"Ngati zinali zabwino, Mulungu anaziona. Ngati zinali zoipa, anazifufuta. Thabwa lanu likulowa pati?"

Apa ine mtima unandipsa, ndipo ndikapsa mtima pakamwa sipakhala chitseko. Ndinati, "Amayi, munthuyu wayenda zaka pafupifupi makumi asanu chifukwa cha inu. Nsapato zatha, anthu amuseka kuti sadziwa rula. Chala chimodzi chokha chikukuvutani?" Amayi anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu anga n'kunena motsitsa kuti, "Ndinamutuma?" Ababa anatuluka pageti osavala chipewa. Ine ndinang'amba pepala lija n'kubwerera ku shopu, ndipo tsiku limenelo ndinasoka mkono wa diresi chozondoka.

Mukuganiza kuti Ababa anasiya? Sabata yachiwiri anayamba kusakasaka ana a pakhonde aja. Ambiri anali atamwalira, ena anasamukira kutali. Anapeza anayi: dalaivala wopuma ntchito, mayi wogulitsa tomato pamsika, mlonda wa pa chigayo, ndi gogo wina amene sankamvanso koma atangoona Ababa anayamba kuimba matebulo. Onse anasaina kuti anaphunzitsidwa ndi wochapa wa masisitere. Ababa anakwera basi okha kukapereka. Anabwerako mapewa atagwa. Wansembe uja anati umboni wa ana ukusonyeza amene ankaphunzitsa, koma mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri sangadziwe amene ankasaina fomu. Pankafunikabe mwini wake.

Kutatsala masiku awiri, analowa m'shopu nthawi ya nkhomaliro, ali mbuu ndi fumbi, milomo itauma. Anazungulira tebulo kawiri. Ndinawayang'ana, ndinaona kuti lamba amumangira pa bowo latsopano loboola ndi msomali, ndipo ndinachita mantha kuti nkhaniyi iwapha Amayi asanafe. Ndinatseka chitseko n'kunong'ona kuti, "Ababa, dzanja la Amayi ndimalidziwa. Ndilembe kalatayo, ndisaine dzina lawo. Kapena ndidinde chala changa. Ndani akayeze chala cha nkhalamba?"

Ababa anaima. Ndikunena kuima kwenikweni, phazi osasuntha, maso ali pa ine. Sindinawaonepo choncho chibadwire.

"Mayi ako anasaina dzina la wina, lawo n'kusowa," anatero. "Iwe ukufuna uwabere lomwe latsalalo?"

Anatola chipewa, anatuluka, ndipo Lachisanu mndandanda unapita kwa odinda monga mmene unalili.

Thabwa latsopano linabwera patatha mwezi, lonyezimira, mizere yotalikirana mofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Lakale analitsamiritsa kunja, pakhoma la sitolo yosungira matsache. Ahedi anauza Ababa mwaulemu kuti ngati akulifuna atenge, popeza ndi ntchito ya manja awo, apo ayi liwazidwa nkhuni. Ndinali kuyeza mwana wina m'chiuno pamene ndinamva wilibala ikulira mumsewu. Ndinasuzumira, ndinaona Ababa akukankha thabwa lalitali kuposa iwo, likugwedera uku ndi uku. Ndinasiya tepi ili m'chiuno mwa mwana wa eni, mayi ake akundiitana, n'kuwatsatira.

Kunyumba analigoneka pa mipando iwiri pakhonde, dzuwa la masana likuwomba. Anatulutsa bokosi lawo la ntchito limene linakhala chaka osatsegulidwa. Anatsegula chitini cha penti wakuda, anachotsa khungu la pamwamba, anafufuta chaka chomaliza cha Asisitere a Magalasi. Anatsegula cha wachikasu. Amayi, ali pampando wawo kumapeto kwa khonde, anakweza mphuno.

"Mwayambanso ntchito, bambo?"

"Kantchito kakang'ono," anayankha Ababa. "Mwini wake salipira."

Anandipatsa nsonga ya ulusi kuti ndigwire. Choko chinasiya mizere iwiri yowongoka bwino, koma burashi itangofika pa thabwa inayamba kuvina. Ndinati, "Ababa, bweretsani ndikulembereni, dzanja langa n'lokhazikika." Anagwira dzanja lamanja ndi lamanzere, anatsamira chigongono pa thabwa, analemba chilembo chimodzi, anapuma, analemba china. Thukuta linkadontha pachibwano. Zilembo zinatuluka zonenepa, zokhota, zina zikukwera pa mzere wa pamwamba, zina zikuponda dzina la hedi wachinayi. Munthu amene sanalolepo chilembo chopendekeka kutuluka m'manja mwake ankachiona chilichonse, ndipo ankapitirizabe. Dzina limodzi ndi zaka zake zinawatengera ola lathunthu.

Kolona inali itaima m'manja mwa Amayi. Atamva burashi ikugwera m'chitini cha parafini anati, "Iwe, ndigwire dzanja. Ndipititse pamenepo."

Ndinawadzutsa, tinayenda pang'onopang'ono mapazi asanu kukafika pa thabwalo. Anafufuza m'mphepete mwa thabwa, anatsetsereka ndi zala kuchokera pamwamba, akuwerenga mizere pomva kutundumuka kwa penti wakale. Woyamba, wachiwiri, wachitatu. Ndinakuwa kuti, "Amayi, penti sanaume!" koma zala ziwiri zinali zitatera kale pakati pa dzina.

"Mwalemba la ndani apa?"

"Lanu, mayi."

"La kwa bambo anga, kapena lanu?"

"La kwa bambo anu. Nthawi imeneyo ine munali musanandidziwe."

"Ndani wakulolezani?"

"Thabwali analitaya. Ndi langa tsopano, ndipo lili pakhonde panga."

Amayi sanachotse zala. Ndinkadikira mkuntho, ndipo Ababa anali atayamba kale kupondaponda ngati pansi pakutentha. Kenaka Amayi anati, "Ndiwerengereni zaka." Ababa anawerenga chaka choyamba ndi chachiwiri.

"Mwandidyera teremu," anatero Amayi.

Ine ndi Ababa tinayang'anana.

"Chaka chachitatu ndinaphunzitsa teremu yathunthu ahedi aja asanabwere ndi malata awo. Teremu ya mvula. Ana makumi anayi ndi atatu pakhonde la tchalitchi, mvula ikulowa cham'mbali, ine ndikuphimba rejisitala ndi diresi langa. Choko chinatha sabata yachiwiri, tinkalemba ndi makala pa simenti. Kamwana kena kanakomoka ndi malungo, ndinakabereka mpaka kwawo n'kubwerera kudzamaliza masamu. Teremu imene ndinavutika kuposa zonse, ndiye imene mwaisiya? Zaka zonsezi mukuyendayenda m'maofesi, osandifunsa ine kuti zinali zaka zingati?"

Amenewa sanali mawu a munthu wokana. Anakweza dzanja, anafufuza pamene pathera chaka chomaliza, ndipo anadinda chala chachitatu pa penti wamuwisi, mwadala, mwamphamvu, mpaka chikhadabo kuyera. "Imeneyo ndi teremu yanga," anatero. "Musaifufute."

Ababa anakhala pansi. Osati pampando, pa simenti penipeni, miyendo tambalale, n'kuyamba kulira ngati mwana wotayika pamsika. Inenso ndinalira, sindibisa. Amayi anapukutira zala zachikasu pa diresi lawo la kutchalitchi, anatiuza kuti tisiye phokoso anthu angaganize kuti pagwa maliro, kenaka anayamba kuitana mayina a ana asanu ndi awiri a Lolemba loyamba lija, mmodzimmodzi, mwa dongosolo la m'rejisitala, osaphonya ngakhale limodzi.

Anamwalira patatha miyezi inayi. Kalata ya ku dayosizi sanasaine, ndipo sitinawafunsenso. Thabwa la pulasitiki likadali mu ofesi, likunenabe zimene linkanena.

Lakale ndinalipachika m'shopu yanga, pamwamba pa tebulo lodulira nsalu. Mayi aliyense wobwera kudzayezetsa mwana amaliwerenga podikira, ndipo sipalephera wofunsa kuti mzere wokhotawo ndi wa ndani, nanga zala zitatuzo zinatani. Ndimawauza, mapini ali kukamwa. Ahedi nawonso anabwera tsiku lina kudzafupikitsa siketi, anaima pansi pake nthawi yaitali, anatuluka ataiwala siketiyo.

Ababa amabwera m'mawa uliwonse ndikamatsegula. Ndinawaikira mpando pansi pa thabwalo. Amakhala pamenepo kuyambira belu loyamba mpaka ana ataweruka, chipewa chili pa bondo, osakhudza sizasi, osawongola kalendala, tiyi akuzizira pambali. Zaka zonse zija ndinkawakalipira kuti akhale pansi. Dzulo ndinapendeketsa dala kalendala ija kuti mwina adzuke, koma anangoiyang'ana.